Emelda Adikira MJ pa Njakwa

Emelda anabwera ku Rumphi pamwamba pa lole, atakhalira thumba la mapoto, ali namwali woti kwawo ku Mulanje anyamata anali atayamba kale kumutsekera njira ya kudambo. Zinali zaka zoyambirira za matipate, pamene aliyense wokhala ndi kamunda anayamba kudzitcha mlimi wa fodya, ndiye a ku Katowo ankatumiza malole kummwera kukatenga matenanti. Amalume ake, a Namakhwa, analembetsa, n'kutenga Emelda kuti azikawaphikira. Akazi awo anali atakana. Ati kumpoto n'kozizira, ndipo anthu ake amayankhula ngati akuwerenga Baibulo.

Sukulu Emelda anaipita mpaka tsiku limene aphunzitsi ananena za yunifolomu. Zilembo anazidziwira pa ulendo umenewu. Pa Kasungu malole anaima ambirimbiri, onse ofanana, onse odzaza anthu ndi mphasa. Anthu atatsika kukadzithandiza, Emelda pobwerera anakwera lole ya eni ake, ndipo bwenzi lero ali ku Mchinji amalume ake akanapanda kumukoka mwendo.

"Iwe, galimoto ili ngati munthu, ili ndi kwawo," anatero a Namakhwa, atamugwira pakhosi n'kumuweramitsira pa nambala yakumbuyo. "Taona apa. Ichi chonga phiri la nsonga ziwiri ndi M. Ichi chokhota ngati chogwirira ambulera ndi J. MJ, Mulanje. Ukaona zimenezi ndi yakwathu. Mwini wake wakwathu, dalaivala wakwathu. Ukasochera kulikonse imika imeneyo, ikakutula pakhomo."

A Namakhwa ankanena zinthu motsimikiza chonchi, ngakhale zimene azimva dzulo lake lomwe.

Ku Katowo Emelda anaphunzira zina. RU ndi za konkuno ku Rumphi, MZ za ku Mzimba, KA za ku Karonga. Anaphunziranso Fraser Luhanga, mmisiri womanga zigafa za fodya. M'banja la a Luhanga onse anali a mabuku: mkulu wake Hezron kalaliki ku boma, mlongo wake Phyllis namwino ku Khondowe. Fraser yekha ndiye anathawa pensulo n'kugwira nkhwangwa, ndipo ankakonda kumanga chigafa chapafupi ndi pamene Emelda ankasinjira. Chigafa chimenecho chinatenga nthawi kuposa tchalitchi.

Akwawo kwa Fraser atabwera ndi ng'ombe za malowolo, a Namakhwa anangoti kukamwa yasa. Kwawo mkazi umamupeza ndi nkhuku ndi ulemu, n'kupita kukakhala kuchikamwini, ana n'kukhala a kuchikazi. Apa anthu akubweretsa ng'ombe zamoyo, zoyenda zokha. "Anthu awa ngolemera kapena ngopusa?" anafunsa chonong'ona. Sanadikire yankho. Anakagulitsa ng'ombezo pa Bolero, n'kugula njinga ndi wailesi, fodya atatha n'kukwera lole kubwerera kwawo. Sanafunse kuti ng'ombezo zikugula chiyani.

Zinkagula Mtende, yemwe anali asanabadwe n'komwe.

Mtende atafika poguluka mano akutsogolo, Fraser anadwala chifuwa n'kumwalira. Kunena zoona, a Luhanga sanali anthu oipa. Katundu sanalande. Apongozi ake, a Kezia, ankamutcha Emelda mwana wanga, ndipo kamtsikanako ankakakonda mpaka kukabisira mazira m'thumba la diresi. Koma maliro atatha, anthu atameta, anakhala pakhonde, Hezron n'kuyankhula ndi Chichewa chake cha mu ofesi.

"Mlamu, palibe akukuthamangitsani, yayi. Nyumba ndi yanu, munda ndi wanu. Mukafuna kupita kwanu, tikuperekezani mwaulemu. Koma mwana ndi Luhanga. Tagwirizana kuti sukulu zikatsegulira apite kwa ankhazi ake a Phyllis ku Khondowe. Kumeneko kuli sukulu, osati zapansi pa mtengo zakunozi."

"Ndipo ine?" anafunsa Emelda.

"Inu muzimuona pa holide."

Emelda anayang'ana apongozi ake. A Kezia ankachotsa ulusi wosaoneka pa chitenje chawo.

Ndiye mukhale, mwana apita. Muchoke, mwana atsala. Emelda anaiona nkhaniyo mbali zonse ziwiri ngati nsalu ya pa kaunjika, n'kupeza kuti yabooka konsekonse. Apa m'pamene anakumbukira phunziro la pa Kasungu.

Mtende anali ndi kachifuwa, kenikeni ndithu, koma kosafika poti n'kukwerera galimoto. Emelda anakakulitsa ndi pakamwa. Apongozi, amene chifuwa chinali chitawadyera kale mwana, sanatsutse. Anawiritsa mtedza, n'kuwauza kuti akatuluka m'chipatala ku boma akadzere ku ofesi kwa Hezron akadye. Chikwama sakananyamula, wopita kuchipatala sanyamula chikwama. Choncho Emelda anavala diresi pamwamba pa diresi, zitenje pamwamba pa zitenje, Mtende nayenso chimodzimodzi, juzi pamwamba pake. Unali mwezi wa Okutobala, pamene ngakhale abuluzi amafuna mthunzi.

Anakwera matola m'mamawa. Pa boma anatsika, anadutsa geti la chipatala osatembenuka, anadutsanso depoti. Pa depoti sakanayerekeza. Maminibasi onse RU, makondakitala onse odziwa kuti wakuti ndi mkazi wa wakuti, ndipo ndalama zogulitsa mtedza zimene anamanga pamfundo sizikanamufikitsa kutali. Anayenda wapansi mpaka pa Njakwa, pamene msewu umapanikizana ndi mtsinje wa Rukuru pakati pa mapiri. Galimoto iliyonse yotuluka m'Rumphi kupita kummwera imadzera pamenepo, ndipo imachepetsa liwiro.

Anakhala pamwala kuseri kwa amayi ogulitsa nthochi. Mmodzi, dzina lake Lena, wa maso oona zonse, anawayang'ana kuyambira kumutu.

"Mama, mwanayu mwamuveka ngati anyezi. Mukuphika?"

"Akudwala."

"Chipatala mwachisiya kumbuyo."

Emelda anagula nthochi ziwiri kuti atseke pakamwa pa mayiyo. Sipanatsekeke, panangoyamba kuyankhula Chitumbuka ndi anzake.

Minibasi inaima, kondakitala n'kumenya chitseko. "Mzuzu, mama, malo alipo." RU. Emelda anatembenukira kumtsinje, n'kuphimba Mtende ndi chitenje. Inabwera ina, RU. Lole ya matabwa, RU. Dzuwa linakwera. Mtende anayamba kudandaula kuti juzi ikumuyabwa, n'kufunsa kuti adokotala abwera nthawi yanji pamwala pano.

Kenaka patali panaoneka M. Emelda anadzuka. Itayandikira, chinzake cha M sichinali chokhota, chinali Z. Mzimba. Anakhalanso. Inabwera ina yoyera, yaikulu, M patsogolo, iye n'kudzukanso. MG, ya boma, ndipo munthu wa tayi wokhala kutsogolo anamuyang'ana nthawi yaitali kuposa mmene munthu amayang'anira mlendo. Kapena sanamuyang'ane n'komwe. Tsiku limenelo aliyense ankaoneka ngati mnzake wa Hezron.

Mthunzi utalowa pansi pa mapazi, Emelda anadziwa kuti ku ofesi nthawi ya nkhomaliro yakwana. Hezron ayang'ana wotchi. Atuma munthu kuchipatala. Pa depoti wina anena kuti tawaona akulowera uku. Kuchokera pa boma kufika pa Njakwa, wa njinga yamoto samaliza n'komwe kuyimba nyimbo imodzi.

Ndiye kunatulukira kapikapu kobiriwira, kokalamba, kakutsokomola kuposa Mtende. Phiri la nsonga ziwiri. Chogwirira ambulera. Emelda sanaimike ndi dzanja, analowa mumsewu thupi lonse, mwana ali kumanja.

Woyendetsa anali bambo wa imvi, wa jekete ngakhale kunkatentha chomwecho. Anatulutsa mutu.

"Mayi, mwatopa nawo moyo?"

Chichewa chake chinali chakwawo chenicheni, chokoka ngati cha pa Chitakale. Emelda anathamangira pawindo.

"Bambo, ndine wakwanu. Ndithandizeni. Kulikonse mukupita."

Bamboyo anayang'ana mayi, anayang'ana mwana wa juzi, n'kutsegula chitseko.

Asanafike n'komwe pokhota pachiwiri, Emelda anali atakhuthula zonse. Zaka zonsezi analibe womuuza m'chinenero chake, ndiye zinatuluka ngati madzi a mumgolo wogubuduzika: lole, amalume, ng'ombe, chifuwa, khonde, Khondowe. Anawonjezanso zina zosafunika, zoti anthu a kuno mtima wawo uli m'khola, amawerenga mwana ngati thole. Bamboyo ankangoyendetsa pang'onopang'ono, manja onse pa chiwongolero.

"Luhanga wake uti?" anafunsa.

"A ku Katowo."

"Ku Katowo a Luhanga ndi ambiri. Mwana wa malemu Laws? Uja ankayimbitsa kwaya?"

Emelda anamucheukira bamboyo. Dzina la apongozi ake aamuna anali asanalitchule, ndipo anamwalira iye asanabwere.

Bamboyo anaweramira kwa Mtende, mawu ake n'kusintha ngati munthu wavula nsapato pakhomo pake. "Zina lako ndiwe njani, mwana wane?"

"Ndine Mtende Luhanga," kanayankha kamtsikanako mokondwa, poti kuyambira m'mawa palibe anakafunsa kanthu.

"Ukuya nkhu?"

"Ku chipatala."

Thukuta la Emelda linazizira pansi pa madiresi onse aja.

"Koma nambala ija," anatero.

"Nambala ndi ya galimoto, mayi. Ine ndine Amock Chirambo wa ku Mhuju. Ndagwira ukalaliki ku esiteti ya tiyi kwanuko mpaka tsitsi ili kuyera. Galimotoyi ndinagula komweko. Laws tinkagona chipinda chimodzi kusukulu. Mwamuna wanuyo ndinamunyamulapo ali wa matewera."

"Nditsitseni."

"Pano? Kumanzere thanthwe, kumanja mtsinje. Khalani."

Dzanja la Emelda linali pa chotsegulira chitseko. Chinali chomangidwa ndi waya. Anafika pamphambano, pamene msewu wa Rumphi umakumana ndi waukulu, ndipo a Chirambo anakhotera kumanja, kwa Mzuzu. Emelda anapumira m'mwamba. A Chirambo anamumva.

"Musathokoze. Ndikupita ku Ekwendeni kukatenga malata, njira yake ndi yomweyi. Za inu sindinaganize." Anasintha giya, galimoto n'kulira ngati mbuzi. "Mwati anthu a kuno mtima uli m'khola. Ine ndinakwatira kwanu. Ana anayi. Ndinamanga nyumba ya njerwa pamudzi pa mkazi wanga, ndinalipira sukulu onse. Mkazi atamwalira, alongo ake anandikhazika pakhonde, mwaulemu ndithu, ngati mmene anakukhazikirani inu. Ati bambo, mwagwira ntchito, zikomo, ana ali ndi eni ake. Ndinabwera kuno ndi jekete ili ndi chigalimoto ichi. Wamng'ono anali ngati uyu."

"Si ine ndinakulandani, bambo."

"Ayi, si inu. Koma lero mwakwera galimoto yanga kuti ndikaperekenso mwana wina komweko. Ndi mafuta anga."

Emelda anamukumbatira Mtende mpaka mwanayo anati amama mukundipweteka.

Kulira kwa njinga yamoto anayamba kukumva ndi Emelda. Kunali kutali, kenaka pagalasi losweka la pambali panaoneka kadontho, kadontho n'kukula. Hezron anali atabwereka njinga ya mlangizi wa zaulimi, ndipo Lena wa nthochi anali atamuuza zonse, mpaka mtundu wa juzi. Ati akwera ya kwawo, ya MJ, yobiriwira. Ndiye Hezron njira yonse ankakonza mawu oti akamuuze munthu wakummwera wakuba ana a eni ake. Anawapitirira, anapingasa njinga pamsewu, n'kubwera akuvula chipewa chachitsulo, mawu ali patsogolo.

"Iwe, tsika. Ukuyesa kuno ndi kwanu kothyola tiyi? Tsika ndikuonetse kuti..."

Anafika pawindo. A Chirambo anali atapinda manja pa chiwongolero.

"Pitiriza, Hezron. Undionetse chiyani?"

Hezron, munthu wa tayi, kufuna kugwada ndi kuimirira nthawi imodzi, chipewa chachitsulo chili m'manja ngati mphika wopempha ndiwo, ndi chinthu choti ukachiona suiwala.

"Adada. Ndimwe? Phepani chomene. Ndimayesa..."

"Umayesa nambala. Nonse awiri sukulu yanu ndi imodzi."

Koma Hezron ulemu wake sunamuiwalitse chimene anabwerera. Anayang'ana mkati. Mtende anamuwona n'kumwetulira ndi mpata wa mano uja.

"Adada, mukudziwa mwambo. Mwana ngwithu, ngwa a Luhanga. Amama kunyumba sakudziwa kanthu, akudikira mdzukulu abwere ndi mankhwala. Ndikawauza chiyani? Ataya Fraser chaka chomwechino."

Basi yaikulu inadutsa, kapikapu n'kugwedezeka ndi mphepo yake.

"Ukunena zoona," anatero a Chirambo. "Mwana ngwa Luhanga. Galimoto yanga simupitirira naye pano."

Emelda sanalire. Anamasula waya wa chitseko, anatsika, anatsitsa Mtende. Hezron anatambasula dzanja. Emelda anavula chitenje chapamwamba, anawerama, n'kumuponya mwanayo kumsana ngati khanda, mtsikana wamkulu woti miyendo yake inkafika m'mawondo mwa mayi ake. Anamanga mfundo pachifuwa. Anavula chitenje china n'kumanganso. Kenaka china. Zitenje zimene anavalira kuthawa zinathera pamenepo, mfundo pamwamba pa mfundo. Atatha anakhala pansi m'mphepete mwa tara.

"Alamu, mutengeni," anatero. "Mpeni muli nawo?"

"Mlamu, musachite zamanyazi pamsewu."

"Manyazi ndinawasiya pa Njakwa. Dulani. Kapena mutikweze tonse pa njinga yanuyo, mukatitule kwa a Phyllis chonchi."

Mtende anayamba kulira tsopano, chifukwa cha kutentha, ndi chifukwa choti anali atazindikira kuti chipatala kulibe. Minibasi ina inachepetsa liwiro, mitu n'kutuluka m'mawindo. Amayi awiri osenza nkhuni anaima patsidya, natula mitolo yawo, ngati anthu amene apeza pokhalira. Hezron anayandikira, anagwira nsonga ya chitenje, mwanayo n'kukuwa. Anaisiya ngati yotentha.

A Chirambo anatsika pang'onopang'ono, bondo limodzi kenaka linzake.

"Masula, Hezron. Ndiwe mkulu wa mpingo, anthu akuona. Lamlungu akakhala ndi chokamba."

"Adada, musandiseke."

"Sindikuseka. Ine anga sanamangidwe chonchi, ndinangowasiya ataima pakhomo. Ndinali ndi ulemu wambiri." Anatembenukira kwa Emelda. "Mayi, ndikufunsani kamodzi. Mukufuna Mulanje kapena mukufuna mwana? Zonse ziwiri simutenga. Ine ndakana, ndipo mukayenda wapansi akakupezani musanafike pa Enukweni."

Emelda anayang'ana msewu wopita kummwera. Unali wowongoka, ukuchita nthunzi ndi dzuwa. Kumapeto kwake kunali mayi ake, amene anali asanaonepo mdzukulu wawo.

"Mwana," anatero.

"Wamva, Hezron. Mulanje wamusiya. Tsopano iwe usiya chiyani?"

"Sindingagamule ndekha. Pali amama, pali a Phyllis, pali madoda, akuluakulu a banja."

"Madoda ndikawaona ndine. Malata adikira. Koma unene pano, amayi a nkhuni awo amve: kumene mwanayu akagone, mayi ake akagona komweko. Kaya ndi ku Katowo, kaya ndi ku Khondowe."

"Nyumba ya a Phyllis ndi yaing'ono."

"Khitchini ilipo."

Hezron anayang'ana chipewa chake, anayang'ana mwana wa mng'ono wake ali tswii kumsana, mamina ndi misozi zili pamodzi. Anayankhula motsitsa.

"Ndikanena. Ine sindikatsutsa."

"Kweza mawu, makutu anga ndi a penshoni."

"Sindikatsutsa, adada."

Emelda sanamasule. Anakana kukhala kutsogolo, anakwera kumbuyo kwa pikapu ndi mwana wake kumsana, n'kukhalira tayala. A Chirambo anatembenuza galimoto movutikira, kutsogolo, kumbuyo, kutsogolo, Hezron akukankha ndi tayi yake. Mfundozo anakazimasula ndi a Kezia ku Katowo, ndi mano, akulira, osafunsa funso ngakhale limodzi.

Nkhani inakambidwa masiku angapo, ndipo a Phyllis anakana mpaka mawu kusasa. Ati anapempha mwana, sanapemphe mlamu wosadziwa kuwerenga. Koma a Kezia, amene pakhonde paja ankachotsa ulusi pa chitenje, ulendo uno anayankhula, ndipo mawu a nkhalamba yofedwa savuta kupambana. Sukulu zitatsegulira, Mtende anakwera phiri la Khondowe atavala yunifolomu yomufika m'akakolo, mayi ake ali pambuyo ndi mphasa pamutu.

Emelda anagona m'khitchini mwa a Phyllis zaka zonse za pulayimale. Ankachapa, ankaphika, ankalima kadimba ka tomato kuseri, ndipo amayi awiriwo ankayankhulana mwaulemu woopsa, wa anthu amene sadzakondana. Mtende anapatsidwa bedi m'chipinda, koma m'mawa uliwonse ankapezeka pamphasa ya m'khitchini, mpaka a Phyllis anatopa n'kusiya kunena.

Uthenga wa maliro a mayi ake unamupeza Emelda mochedwa, anthu atameta kalekale, kudzera kwa tenanti wina wobwera kumene. Anaumva ali pa mtondo. Anakhala pansi kanthawi, kenaka anadzuka n'kupitiriza kusinja, poti Mtende anali pafupi kuweruka ndipo ufa munalibe.